Wophunzira Ntchito Nayenso Amadya

Pa 29 April 1992, khoti lina m'chigawo cha California linamasula apolisi anayi amene dziko lonse linawaona pa kanema akumenya ndi ndodo munthu wakuda, Rodney King. Mzinda wa Los Angeles unayaka moto kwa masiku 6. Anthu oposa 60 anataya miyoyo, ndipo katundu wa ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni anapsa kapena kuphwanyidwa. Zinthu zitazizira, mabungwe akuluakulu a mumzindawo anakakamizika kudziyang'ana, ndipo limodzi mwa iwo linali Getty, bungwe lolemera kuposa mabungwe ena onse a zaluso padziko lapansi. Chimene bungweli linachita mu 1993 chinkaoneka chaching'ono poyerekeza ndi kukula kwa bala. Linayamba kutenga ophunzira a m'makoleji ochokera m'mitundu imene sinkapezeka m'maofesi a mamyuziyamu, monga akuda, a Latino, ochokera ku Asia ndi eni nthaka a ku America, n'kumawatumiza kukagwira ntchito kwa masabata 10 m'mamyuziyamu ndi m'mabungwe a zaluso a mumzindawo. Ndipo linkawalipira. Ndondomekoyi ikadalipo mpaka lero, inapatsidwa dzina la Getty Marrow mu 2018, ndipo achinyamata oposa 3,000 adutsamo. Maganizo anga ndi akuti pa zonse zimene Getty inachita, chachikulu chinali malipirowo. Aliyense wofuna kuti nyumba za zojambula ndi zosema zikhale za anthu onse ayenera kuyambira pa malipiro, ngakhale kuti nkhaniyo sithera pomwepo.

Ntchito zimene tikunenazi ambiri sitiziona. Munthu akalowa m'myuziyamu amaona chithunzi chili pakhoma, nyali ikuchiwalira bwinobwino, ndipo pambali pake pali kachikwangwani kotchula dzina la wojambula, chaka, ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zofotokoza. Chilichonse pamenepo alipo amene anachisankha. Curator ndiye amaganiza kuti pa zinthu masauzande zimene zatsekeredwa m'chipinda chosungira, ziti zituluke kuti anthu azione, ziti zigulidwe ndalama ikapezeka, ndi mawu ati alembedwe pa kachikwangwani kaja. Palinso wosamala zojambula zakale, amene amatha sabata yathunthu atawerama pa chithunzi chimodzi, ali ndi kamtengo kokulunga thonje kunsonga, akuchotsa litsiro la zaka 200 pamalo osaposa chikhatho, akudziwa kuti mankhwala akangochuluka pang'ono utoto usungunuka ndipo subwereranso. Pali wolemba kaundula, wodziwa kumene chinthu chilichonse chinachokera, amene anachigulitsa, ndi bokosi limene chikwere nalo ndege chikabwerekedwa kunja. Pali aphunzitsi olandira ana asukulu. Ntchito zoterezi siziphunziridwa m'kalasi mokha, zimafuna kuti munthu aime pambali pa katswiri kwa nthawi yaitali, aone, alakwitse, akonzedwe. Fellowship ndi mpata umenewu: chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina miyezi yochepa, pamene wongomaliza kumene sukulu amapatsidwa ntchito yeniyeni, munthu womuphunzitsa, ndi ndalama yoti adye ndi kulipira lendi.

Kuti timvetse chifukwa chake mipata yotereyi inayamba kuperekedwa makamaka kwa mitundu ina, tiyenera kuona amene anakhala pa mipando ija. Mu 2015 bungwe la Andrew W. Mellon Foundation linachita kalembera wa ogwira ntchito m'mamyuziyamu a zaluso ku America. Pa ma curator, osamala zojambula, aphunzitsi ndi otsogolera, 84 pa 100 alionse anali azungu. Akuda anali 4 okha, a Latino 3, ochokera ku Asia 6. Kumbukirani kuti m'dzikolo, nthawi imeneyo, azungu anali pafupifupi 62 pa anthu 100 alionse, ndipo akuda anali pafupifupi 13. Kalemberayo anaonetsanso kumene anthu a mitundu inayo ankapezeka ambiri: pa ntchito za ulonda ndi kusamala nyumba. Ndiye kuti mwana wakuda wobwera ndi anzake a sukulu ankaona munthu wofanana naye ataima pakhomo, atavala yunifolomu, koma sankamupeza pakati pa amene analemba mawu a pakhoma aja. Zotsatira zake zinaonekera m'zimene nyumbazo zinasonkhanitsa. Kafukufuku wina wa mu 2019, amene anaunika mamyuziyamu akuluakulu 18 a ku America, anapeza kuti pa amisiri amene ntchito zawo zinasungidwa, 85 pa 100 alionse anali azungu, 87 anali amuna, ndipo akuda anangodutsa pang'ono 1. Myuziyamu ya Guggenheim ku New York, imene inayamba mu 1939, inalemba curator wakuda woyamba wa ntchito yokhazikika, Ashley James, mu 2019, patapita zaka 80.

Pamenepa wina angaganize kuti panali lamulo loletsa, kapena mabwana a nkhanza oima pakhomo. Tsankho linalipo, sitingabise, koma chimene chinkasefa anthu tsiku ndi tsiku chinali chizolowezi chimene ambiri sankachiona ngati cholakwika: kugwira ntchito yaulere. Kwa zaka zambiri njira yolowera m'myuziyamu inali kukhala intern, wophunzira ntchito wosalipidwa. Wachinyamata ankagwira miyezi itatu kuno, miyezi isanu ndi umodzi uko, kenaka n'kukachita digiri yachiwiri, mwinanso yachitatu, ndiye n'kupeza kantchito ka malipiro ochepa. Mamyuziyamu otchuka ali ku New York, London, Los Angeles ndi Paris, mizinda imene lendi ya kachipinda kamodzi imatha kumeza malipiro onse a munthu wongoyamba ntchito. Ndani angakhale miyezi itatu mumzinda wotere osalandira kanthu? Ndi amene makolo ake angamulipirire nyumba, chakudya ndi thiransipoti. Mwana wa woyendetsa basi, amene tchuthi chikafika ayenera kugwira ganyu kuti apeze fizi ya chaka chamawa, ngakhale atakhala wanzeru chotani, mpata umenewo suli wake. Akadzafunsira ntchito pambuyo pake amauzidwa kuti alibe luso lokwanira pa ntchitoyo, ndipo omuuzawo sakunama. Chimene satchula n'chakuti luso limene akufunalo linagulidwa ndi ndalama za makolo. Popeza ku America chuma cha mabanja chinagawika motsatira khungu, chifukwa cha ukapolo ndi malamulo a tsankho amene anatsatira, sefa ya ndalama inasanduka sefa ya mtundu popanda wina kulemba lamulo. Owerenga a ku Malawi ndi Zambia sangadabwe nazo izi, poti tonse tikudziwa achinyamata a madigiri amene amagwira ntchito mongodzipereka kuti apeze kalata yowachitira umboni, ndipo tikudziwanso kuti amene amapirira nthawi yaitali ndi amene ali ndi m'bale m'tauni wowasunga.

N'chifukwa chake ndikuti malipiro sali mphatso yongokometsera fellowship. Ndondomeko yolengeza kuti ikufuna anthu a mitundu yonse koma yosalipira imangoitana ana a olemera a mitundu yonse. Mamyuziyamu anachedwa kuvomera zimenezi, ndipo anavomera ogwira ntchito atayamba kulankhula. Mu 2019 ena mwa iwo anatsekula ndandanda pa intaneti pamene aliyense ankalemba ntchito yake ndi malipiro ake osatchula dzina, ndipo anthu masauzande analembapo. Zimene zinkanong'onedwa m'makhonde zinafika poyera. Mu June chaka chomwecho, bungwe la otsogolera mamyuziyamu, Association of Art Museum Directors, linapempha mamembala ake kuti azilipira ma intern. Mu 2020 Metropolitan Museum of Art ku New York inalengeza kuti ma intern ake onse azilipidwa, italandira madola 5 miliyoni kuchokera kwa Adrienne Arsht. Ena anali atayamba kale. Saint Louis Art Museum inakhazikitsa Romare Bearden Fellowship kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mellon inayambitsa ndondomeko ya zaka ziwiri ya ophunzira a m'makoleji m'mamyuziyamu a ku Chicago, Atlanta, Houston, Kansas City ndi Los Angeles, kenaka Philadelphia. Mu 2017 mabungwe a Ford ndi Walton anaika madola 6 miliyoni m'mamyuziyamu 20 pa cholinga chomwechi.

Kodi zimasinthadi kanthu munthu wina akalowa? Umboni wooneka bwino uli ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York. Studio Museum inatsekulidwa kumeneko mu 1968 kuti ikhale nyumba ya amisiri amene mizu yawo ili ku Africa. Thelma Golden anagwirako ntchito ngati intern ali wachinyamata. Pambuyo pake anakhala curator ku Whitney Museum, kumene mu 1994 anakonza chionetsero cha Black Male, chofunsa momwe mwamuna wakuda amajambulidwira ku America, chimene chinautsa mkangano waukulu ndipo chikuphunziridwabe. Anabwerera ku Studio Museum mu 2000, ndipo wakhala mtsogoleri wake kuyambira 2005. Nyumbayi imapereka chipinda chogwiriramo ntchito ndi ndalama kwa amisiri ongoyamba, ndipo mwa amene anadutsamo muli Kerry James Marshall, Julie Mehretu wobadwira ku Addis Ababa, Wangechi Mutu wa ku Kenya, Njideka Akunyili Crosby wa ku Nigeria, ndi Kehinde Wiley, amene anadzajambula chithunzi cha Barack Obama chimene chinaonetsedwa mu 2018. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi ma curator amene anakulira m'nyumbayi. Rujeko Hockley, wobadwira ku Zimbabwe, anagwirako ntchito ali wongoyamba, ndipo mu 2019 anali mmodzi mwa awiri amene anakonza chionetsero cha Whitney Biennial. Naomi Beckwith anadutsa komweko, mu 2021 anakhala curator wamkulu wa Guggenheim, ndipo anasankhidwa kutsogolera chionetsero cha Documenta ku Germany cha mu 2027. Nyumba imodzi yaing'ono, chifukwa chopatsa ongoyamba ntchito yeniyeni ndi malipiro, yadzaza mipando m'nyumba zazikulu zimene kwa nthawi yaitali zinkati anthu oterowo sapezeka.

Otsutsa alipo, ndipo ena mwa iwo ali ndi mfundo zofunika kuzimva. Yoyamba ndi yakuti khungu silipatsa munthu nzeru, ndipo ntchito iyenera kupita kwa wodziwa. Mu 2018 Brooklyn Museum inalemba mayi wachizungu, amene anali ndi digiri ya udokotala pa zaluso za ku Africa, kuti ayang'anire zinthu za ku Africa. Anthu ambiri anakwiya, koma Okwui Enwezor, curator wotchuka wa ku Nigeria amene anatsogolera Documenta mu 2002 ndi chionetsero cha Venice Biennale mu 2015, anamuikira kumbuyo. Ine ndikuona kuti Enwezor analondola. Mzungu akhoza kudziwa bwino zosema za ku Benin, monganso Mmalawi akhoza kukhala katswiri wa zojambula za ku Italy, ndipo kunena kuti munthu wakuda aziyang'anira za akuda zokha ndi kumumanganso unyolo wina. Koma nkhaniyo inavumbula funso lina, limene mkwiyo wa tsiku lolemba ntchito sukanaliyankha: zinatheka bwanji kuti ku America ambiri mwa ophunzira zaluso za ku Africa mpaka pamwamba akhale azungu? Tsiku lolemba ntchito likamafika, mpikisano umakhala utatha kale zaka khumi m'mbuyomo, pamene wina anapeza internship wina n'kubwerera kwawo kukagwira ganyu. Fellowship imagwira pamalo amenewo. Sitsitsa muyezo, popeza olowa amapikisana kwambiri ndipo ntchito imene amapatsidwa ndi yomweyo imene aliyense angapatsidwe. Imangochulukitsa amene adzakhale pamzere tsiku losankha wodziwa likadzafika. Amene amakhulupirira kuti ntchito ipite kwa wodziwa ayenera kukhala woyamba kuda nkhawa akaona kuti mpikisano ukuchitika pakati pa ana a mabanja ochepa okha.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba, ndipo yafika m'makhoti. Ngati kutsekera munthu kunja chifukwa cha mtundu wake n'kulakwa, n'chifukwa chiyani kukhala kolondola wotsekeredwayo akakhala mzungu? Mu 2016 wophunzira wina wachizungu anasumira Getty pa nkhani yomweyi. Pa 29 June 2023 khoti lalikulu la dziko la America linagamula, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina, kuti mayunivesite asamaganizire mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulocho chinali cha masukulu, koma mphepo yake inafika m'mamyuziyamu. Mu 2024 gulu la Edward Blum, amene anatsogoleranso mlandu wa Harvard, linasumira myuziyamu ya Smithsonian ya mbiri ya a Latino chifukwa cha internship yake, ndipo nkhaniyo inatha myuziyamuyo itavomera kulemba poyera kuti mpatawo ndi wa mitundu yonse. Mu January 2025, boma la Donald Trump litalamula kuti ndondomeko zoterezi zithe m'mabungwe a boma, National Gallery of Art ku Washington ndi Smithsonian anatseka maofesi awo oona za nkhaniyi.

Sindikuganiza kuti mwana wa mzungu wosauka wa ku midzi ya Kentucky, amene naye sangakwanitse kukhala ku New York osalipidwa, ndi mdani wa aliyense. Dandaulo lake ndi lomveka, ndipo fellowship yabwino iyenera kumupatsa malo. Koma kufananitsa khomo limene linatsekedwa kwa mibadwo ndi kampata ka anthu awiri kapena atatu pachaka kotsekulidwa pofuna kukonza cholakwikacho, ngati kuti ndi tchimo limodzi, n'kusafuna kuona mbiri. Chondilimbitsa mtima n'chakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi sidalira kufunsa munthu mtundu wake. Malipiro satsekera aliyense kunja. Myuziyamu ikhoza kutsekula mpata kwa onse koma n'kukalengeza kumene sinkapitako, monga ku makoleji a akuda a ku Atlanta, Spelman, Morehouse ndi Clark Atlanta, kumene kuyambira 2018 kuli ndondomeko yophunzitsa mbiri ya zaluso ndi ntchito ya curator. Ikhoza kusiya kufuna digiri yachiwiri pa ntchito imene siifuna. Ikhoza kufunsa ngati wofunsirayo ndi woyamba m'banja mwake kufika ku koleji. Ku Britain, ndondomeko ya Weston Jerwood Creative Bursaries inasankha njira imeneyi, yoyang'ana achinyamata ochokera m'mabanja opeza movutikira. Njirayi ili ndi malire ake, poti umphawi ndi tsankho si chinthu chimodzi, ndipo wakuda wochokera m'banja lopeza bwino akhoza kukumanabe ndi khoma limene mnzake wachizungu saliona. Komabe imafikira ambiri mwa amene ankatsala kunja, ndipo khoti silingailetse.

Wina angafunse kuti ife a kuno zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa zinthu zambiri za ku Africa zili m'nyumba zomwezo. Zosema za mkuwa za mu ufumu wa Benin ku Nigeria, zimene asilikali a Britain analanda mu 1897, zinamwazikira m'mamyuziyamu a ku Ulaya ndi America, ndipo Germany inayamba kubweza zake ku Nigeria mu 2022. Amene amafufuza m'makaundula kuti chinthu chinachoka bwanji kwawo, ndi amene amalangiza ngati chibwezedwe, ndi ogwira ntchito omwe tikunenawa. Taganizirani chigoba cha Gule Wamkulu chili m'bokosi la galasi kutsidya la nyanja, pansi pake palembedwa mtundu, dziko ndi zaka zongoyerekeza. Wodziwa mwambo akachiona amazindikira kuti uyu ndi Chadzunda, kapena Maliya, kapena Simoni wa nkhope yofiira, ndipo aliyense ali ndi mavinidwe ake, nyimbo zake ndi chimene amadzudzula kapena kuphunzitsa pabwalo. Amadziwanso zimene siziyenera kulembedwa pakhoma kuti aliyense awerenge. Nzeru imeneyi ndi ukatswiri weniweni, ndipo myuziyamu yopanda njira yolandirira anthu okhala nayo imakhala yosauka ngakhale ili ndi ndalama. Pamene chosema cha Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022, anthu ambiri a kumeneko anamva koyamba dzina la John Chilembwe, ataima chipewa chili kumutu pambali pa mmishonale John Chorley monga pa chithunzi cha mu 1914, nthawi imene Mwafrika sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Nkhani zotere zimafika pabwalo pokhapokha wozidziwa akapeza njira yolowera.

Africa nayonso sinakhale chete kudikira. Bisi Silva anayambitsa Centre for Contemporary Art ku Lagos mu 2007, ndipo mu 2010 anatsekula Àsìkò, sukulu ya amisiri ndi ma curator imene inkasamuka kuchoka mumzinda wina wa ku Africa kupita wina. Koyo Kouoh anakhazikitsa RAW Material Company ku Dakar mu 2008, n'kudzatsogolera Zeitz MOCAA ku Cape Town kuyambira 2019, ndipo anamwalira mu May 2025 atasankhidwa kale kukonza Venice Biennale ya 2026. Pa nthawi yake, Zeitz MOCAA ndi University of the Western Cape anayambitsa fellowship ya chaka chimodzi, imene achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a ku Africa amaphunzira ku yunivesite uku akugwira ntchito m'myuziyamu, atalipiriridwa. Kuno kwathu mpanda si khungu. Ndi kusiyana kwa wa m'tauni ndi wa kumudzi, wa Chingerezi chosalala ndi amene nzeru zake zili m'Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, mnyamata ndi mtsikana, wolumala ndi wosalumala. Zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawaika pa ndandanda ya chuma cha dziko lonse mu 2006, zidzafuna osamala odziwa ntchito kwa zaka zonse zikubwerazi. N'chimodzimodzi zigoba mazanamazana zosungidwa ku Kungoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komanso zinthu za ku myuziyamu ya Chichiri ku Blantyre. Ngati njira yophunzirira ntchitozi idzakhala yongodzipereka, mwana wa m'mudzi woyandikana ndi mapangawo, amene agogo ake amadziwa tanthauzo la zina mwa zojambulazo pa chinamwali, adzakhala woyamba kutsala.

Mfundo yotsutsa imene imandivuta kwambiri imachokera kwa amene anadutsamo eni akewo. Iwo amati fellowship ikhoza kukhala njira yoti myuziyamu ioneke yosintha pamene siinasinthe. Wachinyamata amabwera, amajambulidwa pa chikuto cha lipoti la pachaka, amaitanidwa ku msonkhano uliwonse wokamba za mitundu ngati kuti iye yekha ndiye yankho, ndipo zaka ziwiri zikatha ndalama ya wopereka thandizo imatha, iye n'kunyamula katundu, wina n'kubwera. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo sasankha chimene nyumba igule, ndipo sangatsutse bwana amene akuyembekeza kuti adzamulembera kalata yomuchitira umboni. Ena amangodumpha kuchoka pa fellowship ina kupita pa ina mpaka zaka 35, opanda penshoni, kenaka n'kusiya ntchitoyo atatopa. Ku Britain, bungwe la Museums Association linayendetsa ndondomeko ya Diversify kuyambira 1998 mpaka 2011, ndipo anthu oposa 100 anaphunzitsidwa, ambiri n'kupeza ntchito. Komabe lipoti la Panic! la mu 2018 linapeza kuti pa ogwira ntchito m'mamyuziyamu, m'nyumba zoonetsera zaluso ndi m'malaibulale a m'dzikolo, akuda ndi a mitundu ina yochepa sankafika 3 pa 100 alionse. Anthu 100 pa zaka 13 sangasinthe nkhope ya ntchito ya anthu masauzande ambiri.

Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Koma likutiuza kuti fellowship payokha siikwana, silikutiuza kuti ithe. Kumene inayenda limodzi ndi kulemba anthu ntchito, manambala anasuntha. Kalembera wa Mellon wa mu 2022 anapeza kuti anthu osakhala azungu anali atapitirira munthu mmodzi pa atatu alionse mwa ogwira ntchito onse, ndipo pa mipando ya ma curator, aphunzitsi, osamala zojambula ndi otsogolera anali atadutsa mmodzi pa anayi alionse. Kusintha kunachedwa kwambiri pa otsogolera ndi pa osamala zojambula, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mtsogoleri amakhala pampando zaka zambiri, pamene ntchito yosamala zojambula imafuna maphunziro a sayansi ndi maola ambirimbiri a kuphunzira pamanja munthu asanaloledwe n'komwe kuyamba digiri yake, maola amene kale ambiri ankawagwira mwaulere. Getty nayo itafufuza amene anadutsa m'ndondomeko yake inapeza kuti pafupifupi mmodzi pa atatu alionse akugwira ntchito za zaluso. Ena anganene kuti awiri otsalawo ndi ndalama yotayika. Ine sindikuona choncho, popeza loya kapena mphunzitsi amene ali wachinyamata anagwirapo ntchito m'myuziyamu amadzabweretsa ana ake, amadzakhala m'komiti, ndipo saopa khomo lija.

Choncho fellowship iyenera kuyezedwa ndi zimene zimachitika m'chaka chachitatu. Kodi malipiro ake amakwana lendi ya mumzinda umene myuziyamuyo ili, kapena ndi ndalama ya basi yokha? Kodi wophunzirayo amaloledwa kukonza chionetsero chake, dzina lake n'kulembedwa, kapena amangojambula mapepala pa makina? Kodi womuphunzitsa anapatsidwa nthawi yochitira zimenezo, kapena anangomuwonjezera katundu pa ntchito imene inamuchulukira kale? Ndipo koposa zonse, kodi nyumbayo ili ndi mpando wokhazikika, wolipidwa kuchokera m'thumba lake, umene munthuyo angaufunsire? Opereka ndalama ena ayamba kufunsa funso lomalizali. Mu 2023 mabungwe anayi, Alice L. Walton Foundation, Ford, Mellon ndi Pilot House, anaika madola oposa 11 miliyoni m'mamyuziyamu 19 a ku America, osati pa ma fellowship ena atsopano, koma pa ntchito zenizeni za ma curator, osamala zojambula ndi akuluakulu a nthambi, kwa zaka zisanu, mamyuziyamuwo atalonjeza kuti thandizolo likadzatha adzasunga mipandoyo ndi ndalama zawo. Lonjezolo linaperekedwa chigamulo cha khoti chisanatuluke ndiponso boma lisanasinthe. Zaka zisanuzo zikutha cha m'ma 2028, ndipo pamenepo mabajeti a mamyuziyamu 19 amenewa adzaonetsa kuti ndi angati anasunga mawu awo.